Kumanga webusaiti: makiyi akhale ndi eni nyumba

MWEZI wa August caka ciri conse, Acewa a m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Mwezi wa February Angoni naonso amasonkhana ku Mtenguleni, kufupi ndi Chipata, pa mwambo wa Nc'wala. Masiku ano alendo ambiri opita ku miyambo imeneyi, maka-maka ocokera ku Lusaka, ku Migodi ndi ku maiko akunja, asananyamuke amayamba atenga foni ndi kufufuza pa intaneti kumene adzagona ndi kumene adzadya. Mwini nyumba ya alendo amene dzina lake silioneka pa foni ya mlendoyo akhoza kutsala ndi zipinda zopanda anthu, ngakhale zipindazo ziri zosesedwa bwino ndipo mtengo wake uli wotsika.

Ndi cimodzi-modzinso kwa kopaletivu yogulitsa nshawa ku Lundazi, kalabu ya amai oluka madengu ku Petauke, kapena mlimi wa njuci wa ku Nyimba. Wogula wa m'tauni amafuna kudziwa katundu amene alipo, mtengo wake, ndi munthu womuimbira foni. Malo oikapo zinthu zimenezi kuti ali yense azione usana ndi usiku ndiwo webusaiti. Kale nchito yomanga webusaiti inali ya akatswiri okha. Lero mnyamata kapena mtsikana wodziwa kuwerenga Cingelezi ndi kulemba pa kompyuta angathe kuphunzira ciyambi cake m'masabata owerengeka. Koma pali cinthu cimodzi cimene eni nchito ayenera kumvetsa asanatulutse ngakhale ngwee imodzi: webusaiti iri ndi makiyi monga nyumba iri yonse, ndipo amene agwira makiyiwo ndiye akhala mwini wake.

ZINTHU ZITATU

Webusaiti ndi masamba a mau ndi zithunzi osungidwa m'kompyuta imene siizimitsidwa ndipo iri yolumikizidwa ku intaneti nthawi zonse. Kompyuta yotere dzina lake ndi seva. Munthu akalemba keyala ya webusaiti pa foni yake, foniyo imatumiza pempho kwa seva, ndipo seva imabweza tsamba limene lapemphedwa. Zonsezi zimacitika m'kamphindi, ngakhale sevayo iri ku Lusaka, ku Johannesburg kapena ku Ulaya.

Nzeru imeneyi inayamba ndi Mngelezi wina, Tim Berners-Lee, amene mu 1989 anali kugwira nchito pa bungwe la akatswiri a sayansi la CERN, kufupi ndi mzinda wa Geneva ku Switzerland. Webusaiti yoyamba inaonekera kwa anthu mu 1991, ndipo mu 1993 bungwelo linalengeza kuti ali yense angagwiritse nchito nzeruyo popanda kulipira. Zambia sinacedwe kulowamo. Mu 1994 Yunivesite ya Zambia inakhazikitsa kampani ya Zamnet, ndipo dziko lino linakhala limodzi mwa maiko oyambirira a kum'mwera kwa cipululu ca Sahara kulumikizidwa mokwanira ku intaneti.

Kuti webusaiti iime pafunika zinthu zitatu, monga momwe sitolo ifunira cikwangwani, malo ndi cimango. Coyamba ndi dzina, limene akatswiri amati domeni. Ndilo keyala imene anthu amalemba pofuna webusaitiyo. Maina a m'Zambia amathera ndi zilembo za .zm ndipo amayang'aniridwa ndi bungwe la boma la ZICTA. A makampani amathera ndi .co.zm, a mabungwe ndi .org.zm, a boma ndi .gov.zm. Munthu angasankhenso dzina lothera ndi .com kapena .org, maina amene ali yense pa dziko lapansi angalembetse. Dzina siligulidwa kamodzi kwatha ai. Limalipiridwa caka ndi caka, ndipo la.com kawiri-kawiri limafuna pakati pa madola 10 ndi 20 a ku America pa caka.

Caciwiri ndi malo pa seva, amene pa Cingelezi amati hosting. Pali makampani amene nchito yao ndi kusunga maseva ndi kubwereketsa malo pa iwo, ndipo lendi yake imalipiridwa pa mwezi kapena pa caka. Ena a kuno kwathu amalandira Kwacha, pamene akunja amafuna khadi la ku banki. Wosankha kampani afunse ngati iri ndi magetsi apadera. Cilala ca mu 2024 citacepetsa madzi m'damu la Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku liri lonse. Webusaiti yosungidwa pa seva yosazima inali kuonekabe kwa ogula ngakhale mwini wake anali mumdima.

Cacitatu ndi nyumba yeni-yeniyo, ndiko kuti masamba ndi zonse ziri m'menemo. Apa ndi pamene zinthu zasintha kwambiri.

CIKOMBOLE CA NJERWA

Zaka zoyambirira tsamba liri lonse linali kulembedwa palokha m'zizindikiro za HTML, zouza kompyuta kuti apa pakhale mutu, apa cithunzi, apa ndime yatsopano. Ngati nambala ya foni inalembedwa pa masamba 30 ndipo yasintha, munthu anayenera kutsegula masamba onse 30 limodzi-limodzi ndi kuikonza. Mwini sitolo wofuna kusintha mtengo wa sopo anayenera kuitana katswiri ndi kumlipira.

Bvuto limeneli linatha ndi kubwera kwa mapulogalamu amene amati Content Management System, mwacidule CMS, ndiko kunena kuti pulogalamu yosunga ndi kulongosola za m'kati mwa webusaiti. Nchito yake ifanana ndi ya cikombole ca njerwa. Woumba njerwa sayeza mbali za njerwa iri yonse ndi cingwe. Iye amaponda dothi, kuliponya m'cikombole, ndipo njerwa zonse zimatuluka zofanana. Sikofunika kuti adziwe kupala matabwa a cikomboleco. Cofunika ndi dothi labwino.

CMS imalekanitsa zinthu ziwiri. Mau, mitengo ndi maina amasungidwa paokha m'kaundula wa kompyuta amene amati database. Maonekedwe, monga mtundu wa utoto, kukula kwa zilembo ndi malo a cithunzi, amasungidwanso paokha. Mlendo akapempha tsamba, pulogalamu imatenga mau m'kaundula, kuwathira m'cikombole ca maonekedwe, ndi kutumiza tsamba lathunthu. Cifukwa ca ici, mlembi wa kopaletivu angasinthe mtengo wa thumba la nshawa monga alembera uthenga wa pa foni, ndipo angasinthe maonekedwe a webusaiti yonse popanda kutaya liu ngakhale limodzi.

MBIRI YA WORDPRESS

Mapulogalamu a mtundu umenewu ndi ambiri. Drupal inayambidwa mu 2001 ndi Dries Buytaert wa ku Belgium. Joomla inabadwa mu 2005, ndipo dzina lake linacokera ku liu la Ciswahili lakuti jumla, kutanthauza zonse pamodzi. Koma yofala kuposa onse ndi WordPress. Bungwe la W3Techs, limene limawerengera zinthu zotere, linapeza mu 2021 kuti mawebusaiti 40 pa 100 ali onse a pa dziko lapansi anali omangidwa ndi WordPress.

Pulogalamuyi inatuluka pa 27 May 2003. Oiyambitsa anali awiri: Matt Mullenweg, mnyamata wa zaka 19 wa ku Houston m'dziko la America, ndi Mike Little wa ku Stockport ku England. Iwo sanayambire pa nthaka yopanda kanthu. Panali pulogalamu ina, b2/cafelog, imene mwini wake Michel Valdrighi analeka kuisamalira, ndipo awiriwo anaitenga ndi kuipitiriza. Anatha kutero cifukwa pulogalamuyo inali ndi cilolezo ca GPL, cimene cimalola munthu ali yense kuitenga, kuisintha ndi kuigawira anzake. WordPress iri ndi cilolezo comweco kufikira lero. Palibe amene amalipira pulogalamu yeni-yeniyo, ndipo munthu angacotse webusaiti yake pa seva ya kampani imodzi ndi kuisamutsira kwina ngati lendi yakwera kapena nchito siimkondweretsa.

Kufala kwa WordPress kuli ndi phindu kwa munthu wa kumudzi. Maphunziro ake aulere ndi osabvuta kupeza pa intaneti, ndipo ngati amene anamanga webusaiti wacoka, kupeza wina wodziwa kuipitiriza sikubvuta monga kubvutira kupeza sipeyala ya galimoto yacilendo.

Wophunzira asasokonezeke ndi maina awiri ofanana. WordPress.org ndi kumene pulogalamu yaulere imatengedwa kuti munthu akaiike pa seva imene wasankha. WordPress.com ndi malonda a kampani ya Automattic, imene Mullenweg anayambitsa mu 2005, ndipo kumeneko amapereka pulogalamu pamodzi ndi malo. Ali ndi gawo laulere limene liri labwino pophunzirira, koma keyala yake imathera ndi wordpress.com, pamasamba pamaoneka malonda a eni malo, ndipo zina nzoletsedwa kufikira munthu atalipira.

KUYAMBA NDI PEPALA

Phunziro loyamba silifuna kompyuta. Lifuna pepala, pensulo ndi anthu okhala pansi kukambirana. Ayenera kuyankha mafunso awiri: webusaitiyi ndi ya kuwerengedwa ndi yani, ndipo munthuyo akawerenga acite ciani? Wogula nshawa wa ku Lusaka safuna mbiri yaitali ya makolo a wapampando. Afuna kudziwa mtundu wa nshawa, matumba amene alipo, mwezi umene zipezeka, ndi nambala yoimba.

Poyamba masamba 4 ndi okwanira. Loyamba linene mwacidule kuti eni ake ndani, acita ciani ndipo ali kuti. Laciwiri lionetse katundu kapena zipinda pamodzi ndi mitengo. Lacitatu lifotokoze za bungwelo: caka cimene linalembetsedwa ndi ciwerengero ca mamembala. Lacinai likhale ndi nambala za foni ndi malangizo a njira, monga makilomita ocokera pa mseu waukulu wa Great East ndi pokhotera. Mau onsewa alembedwe papepala, awerengedwe pamaso pa komiti, ndipo akonzedwe asanafike pa kompyuta.

Phunziro laciwiri ndi kuyesera. Pali mapulogalamu aulere, monga XAMPP ndi Local, amene amasandutsa kompyuta ya munthu kukhala seva yakeyake. Akawatenga kamodzi pamodzi ndi WordPress, wophunzira angamange, kugwetsa ndi kumanganso tsiku lonse popanda kutha bandulo, ndipo zolakwa zake sizionedwa ndi munthu. Ici ncofunika kumene netiweki iri yofooka ndipo ndalama ziri zocepa. Acinyamata ambiri ali naco kale ciyambi, pakuti kuyambira mu 2015 ana a Giredi 9 anayamba kulemba mayeso a maphunziro a kompyuta. Mphunzitsi wa phunziroli pa sukulu yapafupi ndiye munthu woyamba kumfunsa. Safunsa anadya phula.

Akafika pomanga webusaiti yeni-yeni, makampani ambiri obwereketsa malo ali ndi batani loika WordPress m'mphindi zocepa. Pambuyo pake mwini amalowa ku khomo la kuseri polemba keyala ya webusaiti yake ndi kuonjezapo /wp-admin, ndiyeno dzina lake ndi mau acinsinsi. M'katimo muli mndandanda wa nchito ku dzanja lamanzere. Maina a mabatani ali m'Cingelezi, koma zolembedwa pamasamba zingakhale m'cilankhulo ciri conse.

Wophunzira ayenera kusiyanitsa msanga mau awiri. Pages ndi masamba okhazikika, monga 4 aja, amene sasintha kawiri-kawiri. Posts ndi nkhani zokhala ndi tsiku, monga cilengezo cakuti uci watsopano wafika kapena kuti msonkhano wa pa caka udzakhalako tsiku lakuti, ndipo zimandandalikidwa yatsopano pamwamba. Kuyambira mu December 2018, tsamba la WordPress limamangidwa ndi zidutswa zimene amati mabuloko: buloko ya mutu, buloko ya ndime, buloko ya cithunzi. Munthu amazisanja imodzi pamwamba pa inzake monga womanga asanjira njerwa, ndipo angakweze kapena kutsitsa iri yonse. Akakhutira amadina batani la Publish ndipo tsamba limaonekera kwa anthu.

ZOBVALA NDI ZIPANGIZO

Maonekedwe a webusaiti amacokera ku cimene amati theme, cimene ciri ngati cobvala ca webusaitiyo. Ziripo zikwi zambiri zaulere, ndipo wanzeru amasankha yosacuruka zokongoletsa, yooneka bwino pa foni yaing'ono. Nchito zoonjezera zimabwera ndi timapulogalamu tating'ono, mapulagini, amene WordPress inayamba kulola mu 2004. Lero aulere okha ndi oposa 50,000. Ina imaika fomu yoti mlendo alembepo uthenga, ina imasunga kope la webusaiti. WooCommerce, imene inatuluka mu 2011 ndipo imasandutsa webusaiti kukhala sitolo, inapangidwa ndi kampani imene awiri mwa oiyambitsa anali a ku South Africa.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwera m'mbuna. Poona kuti zinthu nzaulere, amaika mapulagini 20 kapena 30, ndipo webusaiti imalemera monga ngolo yopakira mopitirira muyeso. Pulagini iri yonse ifuna kusamalidwa, ndipo iri yonse ingakhale ciboo colowerapo akuba. Ocepa ofunikadi ndi okwanira. Coopsa kopambana ndi kutenga theme kapena pulagini yogulitsa imene wina akuigawa mwaulere pa malo osadziwika, pakuti zotere kawiri-kawiri zimakhala zitaikidwa msampha m'kati.

Zithunzi nazo zifuna nzeru. Cithunzi cojambulidwa ndi foni yamakono cingalemere mamegabaiti 3 kapena 5. Tsamba lokhala ndi zithunzi 10 zotere limadya bandulo ya mlendo ndipo limacedwa kutseguka, kotero kuti iye amatopa ndi kupita kwina. Cithunzi comweco cingacepetsedwe kufika pa makilobaiti 200 ndipo cionekabe bwino. Zithunzizo zikhale zeni-zeni za katundu ndi malo a eni ake. Kutenga cithunzi ca hotela ya kunja ndi kunena kuti ndi cipinda ca ku Katete ndi cinyengo, ndipo mlendo wonyengedwa amauza anzake. Nchito ikatha, iyesedwe pa foni wamba pamalo pamene netiweki iri yofooka. Ikatseguka bwino pamenepo, idzatseguka kuli konse.

MAKIYI ATATU

Mabungwe ambiri ataya mawebusaiti ao m'njira imodzi yomweyo, popanda mbala kapena moto. Mnyamata wodziwa kompyuta amadzipereka kuthandiza. Pofuna kufulumira amalembetsa dzina la webusaiti ndi imelo yake, amalipira malo ndi khadi lake, ndipo mau acinsinsi amawasunga m'mutu mwake. Webusaiti imatuluka yokongola ndipo onse amaomba m'manja. Caka cisanathe mnyamatayo apeza nchito ku Lusaka kapena ku Solwezi, asintha nambala ya foni, kapena ayambana ndi komiti. Makalata okumbutsa za malipiro amapita ku imelo imene palibe akuiwerenga. Tsiku likakwana webusaiti imazima. Pakapita nthawi yocepa yodikira, dzinalo limabwerera pa msika ndipo munthu wina ali yense angalitenge, pamene keyalayo inasindikizidwa kale pa cikwangwani, pa malisiti ndi pa mabotolo a uci.

Pofuna kupewa izi, eni nchito adziwe kuti makiyi alipo atatu. Yoyamba ndi ya kumene dzina linalembetsedwa. Yaciwiri ndi ya kampani yosunga webusaiti. Yacitatu ndi yolowera m'WordPress monga woyang'anira wamkulu. Makiyi onsewa amamangiriridwa ku imelo, pakuti mau acinsinsi akaiwalika, atsopano amatumizidwa kumeneko. Conco imeloyo ikhale ya bungwe, yotsegulidwa m'dzina la bungwe, ndipo dzina la webusaiti lilembetsedwe m'dzina la bungwe kapena la mwini malonda. Mau acinsinsi alembedwe, atsekeredwe mu envulopu, ndipo asungidwe ndi anthu awiri, monga wapampando ndi msungicuma. Tsiku la malipiro lilembedwe m'buku la misonkhano, ndipo ndalama zake zikhale pa bajeti ya caka pamodzi ndi za lendi ya shedi.

WordPress imathandiza pa nkhani imeneyi cifukwa iri ndi maudindo 5. Administrator ali ndi mphamvu pa zonse, ngakhale kucotsa anzake. Editor angalembe ndi kukonza zolemba za ali yense, koma sangakhudze mapulagini. Author amalemba ndi kutulutsa nkhani zake zokha. Contributor amalemba, koma nkhani yake imadikira cibvomerezo. Subscriber amangowerenga. Mlembi wolemba zilengezo safuna udindo woposa wa Editor. Katswiri wolembedwa ganyu apatsidwe khomo lakelake, ndipo nchito ikatha khomolo litsekedwe. Kutero sikunyoza mwana wa m'mudzi amene wathandiza. Ngakhale mmisiri wokhulupirika, akatha kukhoma citseko, amapereka makiyi kwa mwini nyumba.

NKHWANGWA YOBWEREKA

Ena adzafunsa kuti kubvutikiranji, popeza Facebook ndi WhatsApp ziripo kale ndipo sizilipiritsa? Funsoli ndi la nzeru. Anthu ambiri a m'Zambia amakumana ndi malonda pa malo amenewa, ndipo palibe cifukwa cowasiyira. Koma tsamba la pa Facebook liri ngati benchi la mumsika wa eni. Eni msika ndiwo amasankha kuti ndi anthu angati adzaone cilengezo, ndipo angatseke tsamba la munthu popanda iye kukhala ndi kodandaula kwapafupi. Pa 4 October 2021 Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima pa dziko lonse kwa maola pafupi-fupi 6. Mu 2019 kampani ya Google inatseka malo ake ocezerapo a Google+, ndipo mu March 2024 inazimitsa timawebusaiti taulere timene amalonda ang'ono-ang'ono anapanga kupyolera mu Google Business Profile. Akulu anati nkhwangwa yobwereka siikhalira kuguluka.

Njira yabwino ndi kugwiritsa nchito zonse ziwiri. Zofunika zokhalitsa, monga mitengo, zithunzi ndi malangizo a njira, zikhale pa webusaiti. Facebook ndi WhatsApp zikhale zoitanira anthu ndi kuwalozera kumeneko.

KUMATA MING'ALU

Nyumba yosamatidwa imagwa ndi mvula, ndipo webusaiti yosiyidwa imaonongeka. Opanga WordPress ndi mapulagini amatulutsa makonzedwe atsopano kawiri-kawiri, ndipo ambiri mwa iwo ndi otseka ziboo zimene zapezeka. Akuba a pa intaneti sasankha kuti uyu ndi wolemera kapena wosauka. Ali ndi makina oyendayenda usana ndi usiku kuyesa zitseko za mawebusaiti zikwi-zikwi, ndipo akalowa amaikamo malonda acinyengo m'dzina la eni ake. Conco kamodzi pa sabata wosamalira alowe ndi kuona ngati pali zofuna kukonzedwa. Mau acinsinsi akhale aatali, osakhala dzina la mudzi, la mwana kapena caka cobadwa.

Kope la webusaiti yonse litengedwe mwezi uli wonse ndiponso asanasinthe cinthu cacikulu, ndipo lisungidwe pa malo ena osakhala seva yomweyo, monga mlimi asungira mbeu padera ndi cimanga cakudya. Keyala ya webusaiti iyambe ndi https, cizindikiro cakuti zimene mlendo alemba zimayenda zobisika. Ciphaso cake cimaperekedwa mwaulere ndi bungwe la Let's Encrypt kuyambira mu 2015, ndipo makampani ambiri osunga mawebusaiti amaciika popanda malipiro ena.

Pali ndi lamulo loyenera kukumbukira. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza mbiri za anthu, la Data Protection Act. Maina a mamembala, nambala zao za foni ndi za zitupa za NRC si zinthu zomwaza pa intaneti popanda cilolezo cao. Zithunzi za ana a sukulu zisaikidwe makolo asanabvomere. Ndipo mtengo wakale ucotsedwe msanga, pakuti wogula amene wayenda ulendo wautali cifukwa ca mtengo wa caka catha sabweranso.

SI ONSE OFUNA WEBUSAITI

Coonadi ciyenera kunenedwa: mai wogulitsa tomato pa msika wa Kapata, amene ogula ake onse amamuona ndi maso, safuna webusaiti, ndipo ndalama zake zingagwire nchito yabwino kwina. Webusaiti siibweretsa ogula yokha. Keyala yake iyenera kulembedwa pa cikwangwani, pa matumba ndi pa malisiti, ndipo foni yolembedwapo iyenera kuyankhidwa. Amene apindula nayo ndi iwo amene ogula ao ali kutali: nyumba za alendo, makopaletivu ofuna misika ya m'tauni, osema ndi oluka a kufupi ndi Mfuwe kumene alendo oona nyama za ku South Luangwa amadutsa, masukulu ndi mipingo yofuna kudziwitsa ana ao okhala kunja za nchito za citukuko.

Kwa wacinyamata wokhala pakhomo atatha sukulu, luso limeneli ndi nchito ya manja monga ukalipentala kapena kusoka. Amene wamanga webusaiti ya sukulu ya kwao ndi kuisamalira caka cathunthu ali ndi cinthu coonetsa kwa wina wofuna kumlemba nchito. Makolo amene amaona mwana ali pa kompyuta asafulumire kunena kuti akutaya nthawi. Amfunse awaonetse cimene wamanga.

Pali phindu linanso. Zolembedwa m'Cinyanja pa intaneti nzocepa poyerekeza ndi unyinji wa anthu olankhula cilankhuloci m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique. Palibe coletsa kopaletivu kulemba tsamba la ogula m'Cingelezi ndi tsamba la mamembala m'Cinyanja, lofotokoza tsiku lolandira feteleza, kasankhidwe ka nshawa ndi malamulo a bungwe. Mwana wa ku sukulu angawerengere agogo ake pa foni madzulo, ndipo palibe adzanena kuti uthenga sunamfike.

Komiti imene iganiza zoyamba nchito imeneyi iike nkhaniyi pa msonkhano wake wotsatira. Isankhe anthu awiri ophunzira, kuti wina akacoka wina atsale. Itsegule imelo ya bungwe, ilembe masamba 4 aja papepala, ndipo ifunse mitengo kwa makampani osacepera awiri. Ikalipira, lisiti likhale m'dzina la bungwe, ndipo envulopu ya makiyi ilowe m'bokosi la msungicuma tsiku lomwelo.